Gulu la abambo osiya mowa ku mpingo kwathu ku Chipata: momwe ntchito yayendera kuchokera mu Epulo

Akulu a mpingo anandipempha kuti ndizilemba momwe gulu lathu likuyendera, kuti komiti izidziwa pamene tili, komanso kuti mipingo ina ya kuno kum'mawa kwa Zambia imene yakhala ikufunsa idziwerengere yokha. Mayina a anthu mulibe muno. Tinapangana kuti zolankhulidwa m'gulu zimathera m'gulu, ndipo nkhani zili m'munsizi ndazilemba eni ake atavomera.

Epulo

Gululi ndi la abambo amene mowa unawamanga ndipo akufuna kumasuka. Ena amachokera ku Mchini ndi ku Nabvutika, ena amapalasa njinga kuchokera kumidzi ya mumsewu wa ku Lundazi. Timakumana Loweruka m'mawa m'chipinda cha Sande sukulu, pa mabenchi a ana, moti abambo aatali mawondo amawafika pachibwano. Ntchito zathu ndi kukumana, kulima dimba ndi kuyenderana m'kati mwa sabata.

Chachikulu mwezi uno n'chakuti tachotsa makhadi a lumbiro. Chaka chatha aliyense wolowa m'gulu ankaima kutsogolo, dzanja pa Baibulo, n'kulumbira kuti sadzalawanso. Ankapatsidwa khadi la timabokosi, tsiku lililonse limene sanamwe n'kuchonga. Loweruka makhadi ankayenda m'manja, amene lake ladzaza n'kumuombera m'manja. Zinkaoneka zokongola. Koma titatenga buku la mayina n'kuyang'ana amene anasowa, tinapeza kuti ambiri ndi aja ankalumbira mokweza, ena mpaka misozi. Munthu akagwa kamodzi, khadi lija limasanduka mboni yomutsutsa. Abwera nalo bwanji lili ndi bokosi lopanda kanthu? Ena ankachonga zabodza. Ena ankangotizemba mumsika wa Kapata, ukamuona uku iye wakhotera kale kwa ogulitsa salaula.

Mkulu wina wa mpingo, amene anasiya mowa kalekale ndipo sanabwererekonso, sanakondwe nazo. Anati, "Abusa, mwamuna ndi mawu ake. Ine ndinangoti basi, ndipo inakhaladi basi." Abusa anayankha kuti, "Akulu, tikuyamika Mulungu chifukwa cha inu. Koma abale awa mawu amenewo anawanena kale, kwa akazi awo, kwa apongozi, ena pabwalo pa mfumu. Akanakhala kuti amamasula, bwenzi mabenchi awa alibe munthu." Mkuluyo sanagonje, koma anavomera kuti tiyese, ndipo akubwerabe Loweruka lililonse.

M'malo mwa lumbiro, aliyense amanena zoona za sabata yake, kaya wamwa kaya sanamwe. Kenako timapemphera pemphero lalifupi limodzi, lovomereza kuti patokha sitingathe ndi lopempha kuti Ambuye atigwire lero. Za mawa timazipempha mawa.

Meyi

A mfumu a mudzi wina wapafupi atibwereka malo m'mphepete mwa dambo. Tasosa, tatipula, tamanga mpanda wa minga chifukwa mbuzi za kumeneko sizidziwa Sabata. Chitsime chakale chimene chinauma ndi chilala cha 2024 tachifukula, madzi abwerera. Pa nazale tafesa repu, mpiru, tomato ndi anyezi. Makeni othirira tili nawo ochepa, timachita kubwerekana.

Cholinga cha dimbali sindicho ndalama kwenikweni. Nthawi yoopsa kwa ambiri ndi chakumadzulo, dzuwa likapendeka, anzawo akamaitana ku shabini. Nthawi imeneyo tsopano ndi yothirira, ndipo wothirira sapita yekha.

Abusa anaphunzitsira kudimba komweko pa Yohane 15, za mpesa ndi nthambi zake. Popeza mpesa ambiri sitinauonepo, anazula mpeni n'kudula nthambi imodzi ya dzungu limene linamera lokha pachulu, n'kuisiya pomwepo osainyamula. Pamene tinkaweruka inali ikadali yobiriwira, ndipo bambo wina anaseka kuti ili bwinobwino. Titabwerako patapita masiku awiri masamba anali atalendewera, kadzungu kake katanyala. Abusa sanawonjezerepo mawu ambiri. Anangoti masiku oyamba munthu atasiya kupemphera ndi kusonkhana amaonekabe wathanzi, ndipo pamenepo m'pamene amadzinamiza.

Juni

Mwezi uno tinatsala pang'ono kutaya munthu, ndipo ndilemba motalikirapo chifukwa mipingo ina ikhoza kukumana nazo.

Mnyamata wina wa m'gulu, amene amanyamula anthu pa njinga m'tauni, wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, m'mawa amayamba wachotsa matsire ndi kabotolo asanagwire chiwongolero. Anaganiza zothana nazo kamodzin'kamodzi. Sanauze aliyense wa ife. Anadzitsekera kuchipinda, nauza mkazi wake kuti akusala kudya masiku atatu, ngakhale madzi ayi, ndipo akatuluka adzakhala munthu watsopano. Usiku wachitatu mkaziyo anathamangira kwa mmodzi wa ife. Tinamupeza atakhala pakona pamphasa, thukuta lili kamukamu m'kuzizira kwa Juni, manja akunjenjemera moti kapu sakanaigwira. Ankatola nyerere pabulangete pamene panalibe nyerere, n'kumaloza kudenga kuti njoka zikutsika pamitengo. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza kale m'nyumba, akufuula kudzudzula ziwanda.

Amene anatithandiza ndi mayi wina wa chigwirizano, namwino wopuma pantchito. Anamugwira pamkono, namuyang'ana m'maso, natembenukira kwa ife kuti, "Abambo, pezani galimoto. Muzipemphera tili m'njira." Anagonekedwa kuchipatala masiku angapo ndipo anatuluka ali bwino.

Loweruka lotsatira mayiwo anabwera kudzatiphunzitsa. Thupi limene lazolowera mowa wambiri tsiku lililonse likausowa mwadzidzidzi limasokonezeka. Kunjenjemera, thukuta ndi kusanza zimayamba tsiku loyamba lomwelo. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri chimabwera cha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, munthu akamaona zinthu zimene kulibe, mtima ukuthamanga, mutu utasokonekera, ndipo pamenepo akhoza kufa. Kuchipatala amamupatsa mankhwala okhazika thupi pansi monga diazepam, madzi, ndi vitamini B1 yoteteza ubongo. Tagwirizana kuti aliyense womwa tsiku ndi tsiku asasiye yekha kunyumba, ayambe waonana ndi achipatala, ndipo mmodzi wa ife amuperekeze.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Anthu ena akuti mnyamatayo anali ndi chikhulupiriro chachikulu. Ine ndikuona kuti kunali kudzidalira kumene kunavala malaya a pemphero. Anafuna kutuluka m'chipinda muja ngati ngwazi, kuti tonse tidzamve pambuyo pake kuti anagonjetsa yekha. Mwini wake anavomereza zimenezi titakamuona kuwodi. Anati chimene chinamuvuta koposa kunjenjemera ndi kunyamulidwa ndi amuna anzake pamaso pa mkazi wake. Kusala kudya sitikukuletsa, Ambuye mwini anakuphunzitsa. Koma Mulungu amene mnyamatayo ankamuitana anayankha kudzera mwa mkazi wothamanga usiku, namwino wokalamba ndi dalaivala wa takisi amene anadzutsidwa kutulo, anthu amene iye anawatsekera kunja.

Julayi ndi Ogasiti

Nyengo ya ndalama. Chimanga chapita ku madepoti a FRA (bungwe la boma logula mbewu), soya ndi mtedza mavenda atenga, ndipo amene amalima thonje alandira. Chaka chonse munthu akhoza kuoneka wolimba chifukwa m'thumba mulibe kanthu. Kuyesedwa kwenikweni ndi tsiku limene foni yalira kuti ndalama zalowa.

Boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala tapulasitiki, mu 2012, koma ludzu silinaletsedwe. Timabotolo totchipa tili paliponse, ndipo kachasu kumudzi amatcheza ngati kale. Choncho sitingadalire kuti mowa usowa.

Tinakonza kuti tsiku lolandira ndalama munthu asapite yekha. Amapita ndi mkazi wake kapena ndi mnzake wa m'gulu, ndipo asanafike kunyumba amayamba wagula feteleza, kulipira ngongole ndi kugula zofunika za ana kusukulu. Ena anavomera kuti ndalama zilowe pa foni ya akazi awo. Apa m'pamene panali phokoso kuposa pa makhadi paja. Bambo wina wachikulire anaimirira nati, "Ine ndalima ndekha, ndiye ndizikapempha ya sopo kwa mkazi? Ndine mwana?" Amene anamuyankha ndi mlamu wake, yemwenso ali m'gulu: "Alamu, chaka chatha munalandira nokha ngati wamkulu. Munafika kunyumba Lachitatu, nsapato imodzi." Anthu anaseka, mwini wakenso anaseka, koma sanavomere tsiku limenelo. Anapita yekha, ndipo theka la ndalama linathera pa sitolo za panjira. Chimene ndikulembera nkhaniyi n'chakuti Loweruka lotsatira anabwera. Anakhala kumbuyo, nthawi yake itakwana anati, "Ndamwa, ndipo ndawononga." Nthawi ya makhadi munthu wotere sitikanamuonanso mpaka pamaliro.

Amayi a chigwirizano anatidandaulira, ndipo dandaulo lawo ndi loona. Akuti tikuwasenzetsa akazi udindo wa ulonda, mwamuna akafuna ndalama usiku ndi ukali amene amakumana nazo ndi mkazi, ife tili m'tulo kwathu. Tasintha. Pamene pali mbiri ya nkhanza, ndalama sizipita kwa mkazi, zimasungidwa ndi msungichuma wa gulu pamaso pa mboni ziwiri, ndipo nkhani ya kumenya sitiibisa m'dzina la pemphero, imapita kwa akulu ndi kupolisi ngati pakufunika.

Kumapeto kwa Ogasiti angapo anapita ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika. Anapita awiriawiri, anabwerako bwino kupatula mmodzi. Repu tagulitsa kawiri ku Saturday Market, ndalama zagula makeni ndi mankhwala a nsabwe za m'masamba.

Seputembala

Mwezi wa maphunziro. Tinawerenga Aroma 7, pamene Paulo akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna ndicho amachita. Sipanafunike kumasulira. Bambo wina anafunsa ngati Paulo ankamwa.

Abusa anatiuza kuti mkangano wathu wa mu Epulo ndi wakale kwambiri. Kunali Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anapemphera kuti Mulungu apereke chimene akulamula, ndiyeno alamule chimene akufuna. Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain amene ankakhala ku Rome, anakhumudwa ndi pemphero limeneli. Iye ankati ngati Mulungu walamula ndiye kuti munthu ali nayo kale mphamvu yochitira, chotsala ndi kufuna basi. Sanali munthu wotayirira, ankadana ndi ulesi wa Akhristu a m'nthawi yake. Koma msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso chake. Mkulu wathu uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mwati ine ndine Pelagius?" Abusa anati tonse timabadwa otero.

Chimene chinandigwira ine ndi dongosolo la Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, amene ambiri tinaloweza m'kalasi osamuganizira. Ali ndi magawo atatu: kukula kwa tchimo ndi tsoka langa, momwe ndimaomboledwera, ndi momwe ndimayamikira. Malamulo khumi amafotokozedwa m'gawo lachitatu, la kuyamika. Makhadi aja anatembenuza dongosolo limeneli. Ankati yamba wadziyeretsa, ukadzaza mabokosi ndiye udzakhale woyenera. Munthu womangidwa akamva zimenezi amangoona kuti khomo lamutsekekera.

Mphunzitsi wina wa m'gulu anawonjezera kuti ngakhale bungwe lothandiza ofuna kusiya mowa la Alcoholics Anonymous, limene linayamba ku Akron ku America mu 1935, sitepe yake yoyamba ndi kuvomereza kuti munthu alibe mphamvu pa mowa.

Koma chiphunzitsochi chili ndi dzenje lake, ndipo mmodzi wagweramo kale. Bambo wina wayamba kunena kuti akudikira Mulungu amuchotsere ludzu, tsiku limene adzamuchotsere adzasiya. Akunena izi akudutsabe njira ya ku shabini pobwera kuntchito, pamene njira ina ilipo. Tinamuwerengera Afilipi 2:12-13, pamene Paulo akuti gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, chifukwa Mulungu ndiye akugwira ntchito mwa inu, kufuna ndi kuchita komwe. Mavesi awiriwa sasiyanitsidwa. Amene akuti akudalira Mulungu timamuona ndi mapazi: wasintha njira, wabwera kudzathirira, waimba foni ludzu likamugwira, wanena zoona Loweruka. Zonsezi ndi ntchito, ndipo n'zowawa kuposa kulumbira, chifukwa chilichonse mwa izo chimalengeza kuti pawekha sukwanitsa. Bamboyo sanasinthebe. Tikumuyenderabe.

Okutobala

Kutentha. Chitsime chatsika, tachikumbanso, ndipo tachepetsa mabedi. Tomato wapsa ndi dzuwa, anyezi ali bwino.

Awiri mwa aja anasowa chaka chatha abwerera. Mmodzi anati anamva kuti makhadi kulibenso.

Nkhani imene yatenga nthawi ndi ya chilango. Ena m'gulu anaimitsidwa pa Mgonero chifukwa cha kuledzera, ndipo funso linabuka ku bwalo la akulu: kodi munthu akaulula m'gulu kuti wamwa, mkulu amene wamva akanene? Akati akanene, palibe adzaululenso. Akati asanene, ena akuti tikubisa tchimo. Agwirizana kuti zoululidwa m'gulu sizipita ku bwalo, pokhapokha ngati pali kuvulaza munthu. Za kubwezeretsedwa pa Mgonero zikhalabe m'manja mwa akulu monga mwa malamulo a mpingo, koma adzamva umboni wa gulu. Ine ndikanakonda kuti wodwala asatalikitsidwe ndi chakudya nthawi yaitali chotere, koma sindine bwalo, ndipo ndalemba zimene agamula.

Novembala

Mvula yagwa, anthu ali kuminda, Loweruka mabenchi ali pululu. Tasamutsira msonkhano ku Lamlungu tikaweruka mapemphero. Dimba talipumitsa, tangodzala chimanga ndi maungu. Amene anagula feteleza mu Ogasiti akuthira, ndipo akazi awo ena abwera kudzathokoza, zimene zatichititsa manyazi pang'ono popeza ndalamazo zinali zawo kale.

Disembala

Tinayamba kukonzekera Khirisimasi mwezi usanafike pakati. Aliyense ananena kumene adzakhale pa 24, pa 25 ndi pa 31, ndi amene adzakhale naye. Amene abale ake amaphika mowa pa chikondwerero anaitanidwa kukadya kwa mnzake.

Usiku wa pa 31 ndi wovuta mwa njira ina. Tchalitchi chimadzaza, nyimbo zimakoma, ndipo pakati pa usiku mlaliki akaitana, anthu amathamangira kutsogolo kukalonjeza kuti chaka chino mowa ayi, fodya ayi, chibwenzi ayi. Sindikunyoza, Mzimu amagwira ntchito usiku umenewonso. Koma tinapempha kuti aliyense wopita kutsogolo chifukwa cha mowa asangopemphereredwa n'kubwerera pampando. Awiri a m'gulu anaima pakhomo, n'kumawauza mwakachetechete tsiku ndi malo amene timakumana, ndi kuwachenjeza za kusiya mwadzidzidzi. Mnyamata wa njinga uja ndiye anadzipereka kuchita zimenezi, ndipo amafotokoza za njoka za kudenga zija mosabisa.

Mkulu wathu uja analankhula pa msonkhano womaliza wa chaka, osafunsidwa. Anati wakhala akunena kuti anasiya yekha, koma wakumbukira kuti chaka chimenecho malemu amayi ake ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde pake mpaka atapita kumunda, ndipo sitolo imene ankamwerako inatsekedwa mwezi womwewo. Sananene kuti Abusa analondola. Anangoti nkhani yake aziyifotokoza mosiyana.

Januwale

Pamene tili ndi apa. Ambiri mwa amene tinayamba nawo mu Epulo akubwerabe. Ena sanalawe kuchokera nthawi yokolola, ena agwa kangapo n'kudzuka, mmodzi sitikudziwa kumene ali, akuti anawolokera ku Mchinji kwa abale ake. Atsopano a pa 31 aja abwera ochepa, ndipo awiri taperekeza kale kuchipatala asanasiye. Komiti inafunsa kuti popanda makhadi tidziwa bwanji ngati ntchito ikuyenda. Tayankha kuti buku la mayina likuonetsa amene akubwera, akazi awo akhoza kufunsidwa, ndipo minda ikuoneka.

Vuto latsopano ndi kunyada kwa amene akhala nthawi osamwa. Ayamba kulankhula kwa atsopano ngati aphunzitsi, mmodzi mpaka anati iye za ludzu anaiwala. Abusa amuika pa ntchito yotsuka makapu a tiyi ndi kuperekeza odwala, ndipo mwezi wamawa tiwerenga 1 Akorinto 10:12 ndi Agalatiya 6:1.

Zotsala: amayi akufuna gulu lawo, chifukwa alipo akumwa mobisa ndipo sangakhale pa benchi limodzi ndi amuna, namwino uja wavomera kutsogolera ngati apeza womuthandiza. Tikufuna makeni ena, mbewu ya anyezi ndi simenti yomangira pakamwa pa chitsime mvula ikatha. Mwambo wa Angoni wa Nc'wala uli Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, ndipo Angoni a m'gulu anena kale kuti sangaphonye. Tidzakumana Lachisanu madzulo lisanafike tsikulo kuti tigawane oyenda nawo ndi kusonkha ya basi yobwerera tsiku lomwelo.